Makatoni Khumi ndi Anayi

Dzulo madzulo bwana Vawda anandikokera pambali:
"Makatoni khumi ndi anayi okha, Sumani.
Ukagwetsa limodzi, ugwira yaulele mpaka Khirisimasi."
Ndiye ndinawanyamula ngati mazira a mwini,
limodzilimodzi, mpweya nditaubanira.

Lero folo koloko m'mawa ku Fordsburg,
Juni wa ku Joni akuluma makutu,
mzere wafika kale pa shopu ya matayala.
Zipewa zaubweya, manja m'khwapa,
akukangana za chinthu chimene sanachikhudzepo:
khadi la zithunzi, latsopano, la m'kompyuta.

Kagiso akuti mafani atatu, abale, atatu,
ndipo salira, amangopuma ngati khanda lokhuta bere.
Riaan wa ndevu zofiira, wa ku Benoni uja,
akuti bodza, ndi lomwe lija la chaka chatha,
angoliveka jekete lina n'kukweza mtengo.
Koma woyamba pamzere ndi yemweyo,
wagona m'galimoto, bulangete kumutu.
Refilwe wabwera ndi tepi yoyezera
poti wamva kuti n'lalitali ngati mkono.
"Likakana kulowa, bokosilo ndilicheka ndi sowo,"
akutero, osaseka.

Marandi zikwi makumi atatu ndi ziwiri.
Ine ndawerengera pachikhatho:
malata onse a nyumba ya amayi ku Namwera,
simenti ya pansi,
chenji n'kulipira fizi ya Asiyatu.
Ndafufuta ndi malovu bwana asanaone.

Chitseko kungoti kwee,
mphindi makumi awiri, mashelefu mbee.
Riaan akununkhiza katoni, maso atatsinzina.
Wakhumi ndi chisanu, bambo wa tayi, wangoti kakasi,
kenaka wayamba kunyoza:
limadya magetsi ngati mbaula,
chingwe chake chimasungunuka, ndamva ine,
mwachidule, m'kati mwa nkhuyu muli nyerere.
Koma nambala ya foni wasiya ndithu,
ati ena akabwera timuimbire, ngakhale usiku.

Masana Kagiso wandipatsa kuti ndimuikire.
Sikuluu zinayi, chala chikunjenjemera.
Tayatsa.
Pagalasi mvula ikugwa mumzinda umene kulibe,
chithaphwi chilichonse chanyamula nyali zake,
ngakhale dontho lili ndi mthunzi.
"Ukuona? Zithunzi mazana awiri pa sekondi!
Kale zinali handiredi fote. Ukuona kusiyana?"
Ndayang'ana mpaka misozi.
Sindinaone.
"Eya bwana, n'kutali," ndatero,
poti kasitomala satsutsidwa akadali ndi lisiti m'manja.

Potuluka wandikankhira lakale lija,
fumbi lili tho m'mapiko.
"Tenga, lakalamba ili."

Tsono usiku uno ku Mayfair,
m'chipinda chimene timagona anthu asanu,
kompyuta yathu ya zidutswa zotola yalandira mlendo.
Fani imodzi ikukhosomola ngati minibasi ya ku Bree,
inayo taitokosa ndi mswachi mpaka yavomera.
Twaibu wakhala pa ndowa,
Ajasi wasiya kusita yunifolomu,
ngakhale mdala Chipojola, amene amati magemu ndi ulesi,
waima kumbuyo, kapu ya tiyi ikuzizira m'manja.

Galimoto yapagalasi yanyamuka osadodoma,
udzu wam'mbali mwa msewu ukugwedezeka uliwonse pawokha.
"Taonani udzu!" akukuwa Twaibu. "Udzu, amwene!"
Ajasi akuti aa, lija la kwa Yusufu limaposa apa,
koma chowongolera wachigwira salola kusiya.
Mdala akuti khotera kumanzere, mwana iwe, kumanzere!

Kenaka mita ya magetsi pakhoma:
tii, tii, tii.
Mayunitsi atatu.
Tayang'anana.
Chipewa chazungulira, makobili akulira m'katimo,
mdala waponyamo ya pepala, akuyang'ana kudenga.
Twaibu wathamangira ku galaja, patapata m'chisanu,
akukuwa ali pageti:
"Musayambe mpikisano wina ndisanabwere!"

Tayamba.