Madzi Osakhwima

Tinsomba tinafika tsiku limodzi ndi galasi lake,
tinayi, m'jumbo yomanga ndi mphira,
pamiyendo pa achimwene a Feston m'minibasi ya ku Limbe.
Ndinati, munayamba mwafunsa?
Iwo anati nsomba ndi madzi, madzi ali pampopi, vuto lili pati.

Vutolo ndinalimva m'mawa mwake pafoni.
Bambo Namakhwa, amene anawagulitsa, anati
madzi atsopano ndi nyumba yopanda chimbudzi.
Nsomba imadya momwemo, imadzithandiza momwemo, imapuma momwemo,
ndipo tizilombo todya uvewo sitinafike.
Timabwera tokha, timamanga mudzi m'siponji ya sefa,
koma pamapita mwezi, mwina ndi theka.
Pakadali pano tizilomboto ndinu, mayi.

Basi, ndine kachilombo ka pa Chitakale.
Ndisanapite kufakitale ya tiyi
ndimapungula ndowa imodzi, n'kuthirira mpiru,
n'kubwezeramo madzi ogona, amene klorini wawathawa usiku.
Chakudya ndimangotsina,
ngakhale tikamwa tawo tindipemphe pagalasi.
Siponji sinditsuka pampopi.
Litsiro lake ndiye chuma, akutero.

Wowerenga madontho ndi Tinenenji.
Amadontheza m'kabotolo, kugwedeza, kudikira,
n'kukayang'anira pazenera.
Kubiriwira ndi poizoni. Tikufuna chikasu.
Masiku onse, kubiriwira.

Nayenso anafika chonchi,
mvula ija itagumula phiri kwawo,
ndi jumbo imodzi,
chipinda ndisanasese, mtima ndisanayale.
Salankhula zambiri. Ine sindimufunsa.

Sabata yachiwiri magetsi anazima kuyambira masana.
Thovu linaleka.
Tinsomba tinakwera pamwamba, kuyasama.
Tinasinthana kapu ya pulasitiki mpaka tambala woyamba,
kutunga, kukweza mkono, kutsanula,
kuti mpweya ulowe,
kandulo ikusungunukira pasosala.
Kamodzi sikanafike m'mawa, kaja ka mchira wong'ambika.
Anakakwirira yekha pansi pa mtengo wa mapeyala
ndi supuni yanga ya tiyi.
Pobwera anafunsa, osandiyang'ana:
kodi madzi amadziwa akapha?

Ndinapungula ndowa ziwiri tsiku limenelo.
Yankho ndinalibe.

Lero ndi tsiku la makumi atatu ndi mphambu zitatu.
Chiperoni chameza phiri lonse,
minda ya tiyi yangotsala mizere iwiri.
Ndinali kukhitchini, ndikusaka machesi ouma,
pamene ndinamva mawu amene nyumba ino sinawamvepo,
okwera, osweka pakati:
Azakhali! Chikasu!

Ndinapita kukaona.
Galasi ndi lomwe lija, miyala ndi yomwe ija,
madzi sanasinthe nkhope.
Amene asamukiramo sitidzawaona ndi maso.
Tinsomba titatu tikungozungulira, osadziwa kanthu.

Ndinamupatsa chitini cha chakudya.
Ndinati lero utsine ndiwe,
uwonjezereko pang'ono.
Pang'ono pokha.