Mapichesi a Bertalan

Mtengo wa kuseri kwa nyumba sudikira munthu.
Ogasiti akangofika kuno ku Szatymaz
umapsetsa zonse m'sabata imodzi,
ngati wina waunong'oneza kuti mawa kulibe.
Mavu adziwa kale. Nanenso ndadziwa.
Koma Bertalan ali ku Bergen, akuwotcherera zitsulo za sitima zapamadzi,
ndipo tchuthi chake ndi cha Khirisimasi.

Ndiye ndalawirira mbandakucha,
ndathyola mabeseni atatu dzuwa lisanakwiye.
Dezső wasuzumira pa mpanda, ndudu ili pakamwa:
"Etelka, ingophikani jamu ngati anthu ena onse."
Ndamuyankha kuti jamu ndi shuga wobwereka dzina la chipatso.
Mwana wanga akufuna pichesi, osati mbiri yake.

Madzi awira. Ndiviika limodzilimodzi,
ndiwerenga mpaka makumi atatu,
kenaka m'madzi ozizira,
khungu livuka lokha ngati sokosi yonyowa.
Mpeni uzungulira, nthanga igwa m'mbale, gobede!
Yofiira, yamakwinya, kachibakera ka khanda.

Ndifinyira ndimu kuti zidutswa zisade.
Chaka chatha ndinaiwala,
zinatuluka ndi mtundu wa mano a Dezső.

Ndiyala pa thireyi, chidutswa chilichonse pachokha,
osakhudzana. Ichi ndinachiphunzira mochedwa:
zikagona mothithikana zimamatana n'kukhala mwala umodzi,
ndipo pofuna chimodzi umaswa zonse.
Ziundane kaye, chilichonse ndi kuzizidwa kwake,
zikakumane m'thumba pambuyo pake.
Apa ndinayamba kuganiza za banja langa,
koma thireyi yachiwiri inali kudikira.

Firiji ya m'chipinda chapansi imang'ung'udza usiku wonse.
Ndinaigula ndi ndalama zoyamba zimene anatumiza.
Ndikaitsegula imandipumira nkhungu kumaso,
magalasi anga n'kuyera, ndimafufuza ndi manja.

M'mawa mwake zidutswa zikugogoda ngati timiyala.
Ndizithira m'timatumba, ndilowetsa kapaipi pakona,
ndiyamwa mpweya wonse mpaka thumba likumbatira chipatso.
Mpweya ndiye mbala: umaba kukoma pang'onopang'ono
n'kusiya chisanu chotuwa ngati imvi.
Ndilemba ndi cholembera chakuda: 14 Ogasiti, mtengo wa kuseri.
Pa thumba lomaliza ndawonjezera B,
kenaka ndachita manyazi.
Angalitenge ndani m'nyumba ya munthu mmodzi?

Zala zanunkhira mpaka Lamlungu. Msana ukudandaula.
Zogwa pansi ndasiyira mavu, nawonso adye.

Disembala.
Chipale chakwirira mpanda,
mtengo waima wopanda kanthu ngati sunaberekepo.
Sitima yochokera ku Budapest yachedwa mphindi makumi anayi.
Walowa ndi ndevu zimene sindikuzidziwa,
Chihangare chake chabooka malo ena,
akufunafuna mawu ngati makiyi m'matumba a jekete.

Thumba ndinatulutsa dzulo, lagona m'mbale usiku wonse.
Ndisaname: si pichesi la Ogasiti.
Lafewa, lalira madzi ake onse,
mano sapeza pogwira.
Chisanu chimasunga ndithu, koma chimadula msonkho.

Wakhala pa mpando wa malemu bambo ake, jekete asanavule.
Supuni yoyamba, zii.
Yachiwiri, watsinzina.
Kenaka wanyamula mbale ndi manja awiri
n'kumwa madzi otsalawo, monga ankachitira ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri,
ine ndikumukalipira.
Lero pakamwa panga patsekeka.

"Alipo angati?" wafunsa, chibwano chikudontha.
"Matumba makumi awiri ndi limodzi."
Wawerenga ndi zala masiku a tchuthi chake. Akwana khumi.
"Ndiye awiri patsiku," watero.
"Lotsalalo mudye ndinu, amayi."

Ndavomera ndi mutu.
Sindinamuuze kuti lotsalalo ndi la B lija,
ndipo ndaliika kale pansi penipeni,
kunsi kwa nsawawa ndi nyama ya bakha,
kumene dzanja langa silifika
popanda kukwera kampando.