Pomwe Panagwa Chigafa

Chaka chomwe fodya anatisiyira ngongole yokhayokha,
chigafa chinagwa usiku wa mvula ya Febuluwale,
ndipo ine sindinachidzutse.
Ndinangozula mizati yomwe chiswe chinaisiya,
dothi ndi kulileka kuti linene lokha zomwe linkabisa.

Choyamba kutuluka chinali chisoso,
mlendo wosaodira, womata ku chitenje.
Kenako luni, kenako denje,
kenako mphungabwi m'mbali mwa bafa,
momwe madzi a sopo amadutsa m'mawa uliwonse.
Chanzi ndinakakumba ndekha ku dambo la Bua
ndi mpeni wosendera mbatata,
mizu ndi kuikulunga m'jumbo ya shuga.
Chinafota masabata awiri
ngati mtengwa wosazolowera mudzi.
Sabata yachitatu chinaphukira.

Kuno ku Santhe bwalo labwino ndi loyera mbee,
losesedwa mpaka nyerere kusowa pobisala.
Ndiye aNangondo pa mjigo ankati,
"Sitiveliya tsache linam'thawa."
A zaumoyo, a Kachiwanda, anabwera ndi kope lawo,
kuloza ndi cholembera: apa njoka, apa udzudzu.
Ndinatchetcha poyenera kutchetcha,
ndinakwirira chithaphwi, ndinalambula kanjira.
Koma deliya ndinakana kumudula.
Maluwa ake achikasu aja, mwezi wa Meyi,
ndi okhawo pakhomo pano
amene sanandipemphepo ndalama.

Ena sindiwadziwa maina.
Kali kobiriwira ngati thambo, kamatsegula dzuwa likamatuluka,
belu la phala kusukulu likamalira kafota kale.
Kena koyera ngati mano a khanda, kokonda mthunzi wa mpoza,
mdzukulu wanga Dalitsani anakatcha kabatani,
ndiye dzina lake ndi lomwelo tsopano.
Njuchi zimawadziwa onse, sizifunsa.
Kaufiti yekha ndimazula.
Duwa lake n'lofiira ngati khala la moto, inde,
koma ndikukumbukira zomwe anachita
m'munda wa chimanga wa malemu bambo a ana.

Juni atafika ndi mphepo yake yolowa m'mafupa,
usiku wina chitseko chinalira.
ANangondo, tochi ya foni m'manja, mawu pansipansi:
"Mwana akutsokomola, mphuno zatseka.
Kodi chanzi chija mukadali nacho?"
Za tsache sindinazikumbutse.
Tinalowa tonse m'tchire langa lija,
mame akutinyowetsa akakolo,
fungo likudzuka paliponse taponda.
Ndinathyola nsonga zanthete, dzanja limodzi,
ndi kuwauza: "Wiritsani, mum'fukize nthunzi.
Koma kukacha mupite naye kuchipatala,
masamba okha musawasenzetse mwana."

Patatha masiku anayi ndinawaona kuseri kwawo,
atagwada pafupi ndi thandala la mbale,
akukumba kadzenje ndi nsonga ya chikwanje,
kanthambi kali pambali m'chitini cha madzi.
Sanandione. Kaya anandiona.
Tsache lawo linali chitsamire khoma.

Madzulo ano ndakhala pa chitsa cha mzati womaliza,
manja akununkhira mphungabwi.
Ngolo za fodya wa anzathu zikudutsa kumsewu,
ng'ombe zikutsokomola fumbi.
Njere za chisoso zadzaza m'mphepete mwa chitenje changa,
zina mpaka m'mpango.
Kwada, ndizichotsa mawa.
Pakona pa khola la nkhuku padakali poyera.