Wowotcherera Zitsulo wa ku Ulongwe

Wailesi ndaipachika pamsomali
pambali pa magalasi anga akuda.
Ku Maputo aphungu akukangana za umbava
m'Chipwitikizi choterera ngati sopo:
ndikagwira mawu awiri, atatu andipulumuka.

Wina akuti umbanda watsika.
Watsikira kuti, bwana?
Kapena watsikira kuno,
poti sabata ino yokha
ndatchinga mawindo khumi ndi anayi.

Mayi Anastanziya a kachewere akufuna chitseko chachitsulo,
matumba asanu ndi atatu anayenda usiku opanda miyendo.
Fulujensiyo wa kabaza anandisiyira theka la ndalama ya unyolo,
sanabwerenso.
Njinga yake inaoloka malire pa Kalomwe,
iye anamutola m'chimanga panjira ya ku Domwe.
Apolisi anati galimoto ilibe mafuta.
Abale anasonkha ya mafuta,
mawa lake ya bokosi.

Uyo akumenya tebulo: onjezani apolisi!
Winayo akuti muyambe mwawalipira.
M'manja mukuwombedwa.
Unyolo uja ukadali apa, ukuchita dzimbiri.

Ndisaname,
mantha a anthu ndiwo munda wanga.
Yunifolomu ya Selesitina inagulidwa ndi mantha,
malata a nyumba yanga, mantha.
Tauni yonse ndaisandutsa ndende,
mkaidi aliyense ndi kiyi wake m'thumba.

Magetsi azima.
Phungu wathera pakamwa yasa, chiganizo chili pakati.

Ndikukulunga nthambo, ndikusenza makina
kuti ndikagone nawo kuchipinda,
paja changa chitseko
chikadali chathabwa.