Nsanjika Yachisanu ndi Chiwiri

Kalata inafika Lachiwiri, mu Januwale,
tsiku limene chisanu cha ku Winnipeg
chinamata chitseko cha galimoto yanga
mpaka ndinalowera khomo lina, chokwawa.

Inati: Mayi Corinne Thiessen,
takusankhani kukhala wachiwiri kwa mkulu woyendetsa chipatala.
M'munsi mwake munali nambala.
Ndinaphimba ziro womaliza ndi chala,
ndinachotsa chala, ziro anali pomwepo.

Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi ndili namwino m'wodi ya okalamba.
Mapazi anga akudziwa tailosi iliyonse yong'aluka,
msana wanga ukudziwa kulemera kwa bambo Hrycak
tikamawatembenuza usiku kuti asatuluke zilonda.
Zaka zitatu zomalizazi ndinkati ndikaweruka mbandakucha
n'kutsegula kompyuta m'malo mogona,
kuphunzira bajeti ndi malamulo a ntchito,
khofi akuzizira, ngongole ya sukulu ikufufuma.

Ndinkazifuna. Ndisaname.
Denga likudontha pamwamba pa bedi la Noelle,
mano ake akufunika mawaya,
ndipo ndatopa kuwerengera masiku ndi zala
mwezi usanafike n'pakati pomwe.

Kuno kumwamba sikununkha mankhwala.
Kapeti amameza phokoso la nsapato.
Bambo Desrosiers, amene akuti ndidzawalowa m'malo akadzapuma,
anandijambulira makwerero papepala:
zaka zinayi pano, kenako mpando wawo,
kenako zipatala za chigawo chonse,
sitepe iliyonse ndi ndalama yake.
Potsegula dirowa kufuna cholembera china
ndinaona botolo la mapiritsi a kuthamanga kwa magazi,
mafoni awiri,
ndi chithunzi cha bwato limene sanalikwere chilimwe chonse.

Sabata yoyamba anandipatsa ndandanda wa manambala.
Mzere 41: wodi ya okalamba, anamwino ausiku, asanu.
Pambali pake wina analemba ndi pensulo:
anayi?

Asanuwo ndikuwadziwa.
Marisol amatumiza theka la malipiro ake ku Iloilo.
Dwayne amang'ung'udza nyimbo posintha matewera
kuti wodwala asachite manyazi.
Ndikudziwanso chimene chimachitika nthawi ya 3 koloko usiku
mabelu atatu akalira pamodzi
anthu ali anayi, mmodzi ali kuchimbudzi.
Kachizindikiro kofunsa kaja kanandikola ngati mbedza
mpaka magetsi a mumsewu anayaka.

Ndinatsika osauza munthu.
"Abwana abwera," anatero Marisol, akumwetulira ndi pakamwa pokha.
Belu linalira m'chipinda 12,
miyendo yanga inanyamuka yokha
koma nsapato zatsopanozi zimagogoda, zimadzutsa ogona.
Ndinazivula. Ndinayenda ndi masokosi.

Bambo Hrycak anandiyang'anitsitsa.
"Mwasowa kuti, mwana wanga?"
"Andikweza pantchito."
"Kukukwezerani kuti?"
Ndinaloza kudenga.
Anaseka mpaka kutsokomola:
"Ine ndimayesa ndine ndiyambe kupita kumeneko."
Ndinawakonzera pilo. Manja anga sanaiwale,
koma baji yapachifuwa inkalendewera pankhope pawo,
ndinaiponyera kumsana.

Malipiro oyamba alowa lero m'mawa.
Ndaimbira wokonza denga, abwera chipale chofewa chikasungunuka.
Noelle akufuna mawaya obiriwira.
Ndakhala m'galimoto mphindi khumi, injini ikutenthetsa,
kuyang'ana nambala ija pafoni,
ndipo ndakondwa, eya, ndakondwa,
ngakhale kukhosi kuli kanthu kosamezeka.

Mawa 9 koloko kuli msonkhano wa bajeti.
Tidzakhala anthu khumi ndi mmodzi patebulo lalitali,
ndipo amene anatembenuzapo munthu pabedi ndine ndekha.
Usiku uno ndawerenga odwala onse amene anagwa chaka chatha,
maola amene anagwera, masiku amene anaonjezera m'chipatala,
ndi mtengo wa chiuno chothyoka,
poti kumwambako misozi siilowa m'ndandanda.

Kaya adzamva, kaya sitepe yachiwiri ija idzandithawa.
M'chikwama ndaikamo mapepala anga, chofufutira,
ndi nsapato zakale zija, zosagogoda.