Mlendo wa Pakabati

Chindigwetsereni sitiroko, mvula yagwa kawiri.
Mwendo wamanzere unapuma pantchito osanditsanzika,
dzanja nalo linalondola mnzake.
Ine Namakhwa, amene zaka makumi atatu
ndinkasanja zilembo kosindikizira mabuku a boma,
lero ndimasanja maola.

Dziko langa ndi zenera limodzi kuno ku Chinamwali:
theka la mpapaya, chingwe choyanikapo zovala,
ndi kachidutswa ka phiri, nkhungu ikalola.
Esinati amalawirira kumsika ndi chibelo cha kaunjika.
Amandisiyira tiyi m'fulasiki, mbatata ziwiri,
chitini kunsi kwa bedi.
Chitseko chikati gwa,
zii amakhala pampando wa malemu mayi ake
osachokapo mpaka madzulo.
Ndinawerenga zibowo za malata: makumi anayi ndi chimodzi.
Buluzi wa pakhoma ndinamupatsa dzina.

Ndiye Lachinayi lina amayi a Mvano anatulukira
atanyamulizana katoni ngati akupita kuchiwongo cha mfumu ya mbewa,
wina akuti gwira uko, wina akuti samala chingwe.
Munali wailesi yakanema, yachitumbo kumbuyo.
"Inali ya malemu aphunzitsi a Mulekano.
Ana awo ati isamangodya fumbi."

Mnyamata wa Abiti Wisiki anakwera padenga ndi nsungwi.
"Zaoneka?"
"Mchenga wokhawokha!"
"Nanga pano?"
"Tembenuzira cha ku Malosa!"
Mchenga uja unaundana, nkusanduka mphuno, maso, kolala,
mayi wina nkundiyang'ana ine, ine ndemwe,
nati, "Mwaswera bwanji?"

Ndinayankha.
Mawu anatuluka adzimbiri, opendekera mbali imodzi,
koma ndinayankha.

Pangodya yakumanja pali banga lobiriwira.
Aliyense wodutsapo, kaya nduna kaya mlaliki,
amasanduka ndiwo zamasamba.
Ndimawadikira afikepo, ndiseke.
Ndimakangana ndi wolosera zanyengo.
Ndimakonza Chichewa cha zilembo zoyenda m'munsi,
pakuti diso la ntchito silinafe nawo.

Kenaka zenera linamera timitu.
Tiwiri. Tisanu. Kamodzi kamamina.
Ndinati lowani, koma mapazi mupukute.
Tsopano pali wonditolera ndodo ikagwa,
pali wondifunsa ngati nyanja ya m'galasiyo ingatayikire pansi.

Che Ndembo ndi ine sitinapatsane moni zaka zisanu ndi ziwiri.
Nkhani yake mtengo wa mango wa m'malire:
mizu kwanga, nthambi kwawo.
Loweruka lina ndinamva kutsokomola pakhonde.
"Ndamva kuti kuli mpira."
Anabwera ndi kampando kawokawo,
nakhala chammbali, ngati wodikira basi.
Sitinayang'anane. Tonse tinatukwana woyimbira mmodzi.

Mpira uli pakati, magetsi phethi.
Ana anati aaa, nabalalika.
M'galasi munatsala kadontho koyera, nako nkuzima.
Ndinadikira kumva kampando kakukokedwa.
Sikanakokedwe.
Udzudzu unayimba vesi yonse.
Mumdimamo mawu anati,
"Mango aja ayamba kupsa.
Nanga mano alipo?"
Ndinati, "Anayi. Koma ngolimbikira."

Sindinachire ayi.
Mwendo ukadali wa eni ake.
Usiku ukadali wautali ngati msewu wa ku Jali,
ndipo mayunitsi akatha, buluzi ndiye nkhani zamadzulo.
Koma Esinati akamabwera, amayamba wamva phokoso asanaone nyumba,
ndipo mapewa ake ndimawaona atatsika.

Aphunzitsi a Mulekano, sindinakudziweni.
Batani la voliyumu munalifufuta ndi chala chanu,
lasalala ngati njere ya bwemba.
M'mawa uliwonse ndimayika changa pomwepo,
chala chakumanja, chotsalacho,
ndipo ndimati tapatsana moni.