Kukumba Mawu

Masana ndimasesa masamba ku Botaniki,
kumene mitengo inavekedwa timalata pachifuwa
ngati apolisi pa perete.
Mbawa yomwe ndaidziwa chibadwire
kuno ili ndi dzina lina, lopinda lilime.
Zaka zisanu ndi zinayi ndapukuta timalatato
osafunsa kuti akuti chiyani.

Madzulo ndimatsetsereka, tsache nditabisa m'nsungwi,
kukakhala pa benchi ya ana ku Mpondabwino,
maondo atagunda desiki,
ine Esinala wa imvi zitatu,
kufuna setifiketi yomwe mimba inandilanda ndili Fomu Thuu.

A Makwinja amalowa ndi choko m'tsitsi.
Akuti Chingerezi musachiope,
nachonso ndi mkamwini, chinabwera ndi katundu wobwereka.
Mawu ake ambiri ndi mbatata ya eni,
kholowa ali ku Mangalande,
koma chokumba chili kwa Agiriki ndi Aroma.
Ndiye amalemba: port.
Kunyamula, basi.

Ndinaseka chamumtima.
Kani ndakhala ndikumudya port osamudziwa!
Thiransipoti yondithera malipiro,
pasipoti yomwe Twaibu anapita nayo ku Joni,
lipoti lomwe kapitawo amanyamula kukandinenera.
Ngakhale anyamata otsika phiri mbandakucha,
nkhuni zitaunjikana panjinga kupitirira mutu,
mabuleki akulira pa makona,
onsewo ndi a port, sadziwa chabe.

Lachitatu kunabwera manu, dzanja.
Akuti ndi mmene munachokera manijala.
Ndinayang'ana zikhatho zanga zong'aluka,
ndinakumbukira za abwana, zosalala ngati sopo watsopano,
ndipo ndinati mawuwa anasochera panjira.

Kenaka ndinakula mtima.
Ndinakweza mkono: nanga mango, aphunzitsi,
si chipatso chothyola ndi dzanja?
Kalasi yonse gwedegwede ndi phwete.
A Makwinja anapukuta magalasi nati,
mayi, chinangwa china n'chowawa,
si muzu uliwonse wolowa mumphika.

Komabe ndinkakumba.
Tele, kutali. Foni, liwu.
Foto ndi kuwala, girafu ndi kulemba,
moti wojambula wa pafupi ndi positi ofesi uja
amalemba nkhope zathu ndi dzuwa.
Ndinazindikira kuti nafenso tili nazo:
lemba anabala mlembi, chilembo, malemba, kalembera,
mbumba yonse pakhonde limodzi.
M'mawa mwake kalata ka pamtengo kanandilankhula koyamba,
grandi, chachikulu, flora, duwa,
ndipo ndinayang'ana kumwamba, linalidi lalikulu.

Mwezi wa Juni, chiperoni chitaphimba phiri,
achimwene a Sumani anatupa miyendo.
Ku Sentulo dokotala analemba mothamanga m'kabuku,
nalankhula ndi namwino, osati nafe.
Panja, pansi pa khonde lodontha,
alamu anandipatsa kabukuko:
inu ophunzira, tatiwerengereni.

Liwu limodzi, lalitali ngati njanji.
Ndinalithyola pabondo monga anatiphunzitsira.
Cardio, mtima.
Mega, chachikulu.

Mtima waukulu.

Ndinafuna kunena kuti zimenezo tinkazidziwa kale,
munthu wolera ana anayi a malemu mlongo wake
ndi makina amodzi osokera pa khonde la sitolo.
Koma cholembera cha dokotala sichiyamikira munthu.
Ndinaima ndi zidutswa ziwirizo m'manja,
alamu akudikira,
mvula ya nyenyenye ikunyowetsa pepala.
A Makwinja sanatiuze
kuti tsiku lina udzakumba n'kupeza
chimene unkalakalaka chikadakhalabe m'dothi.

Ndinati akuti mtima watopa, mankhwala alipo.
Theka linali lowerenga, theka langa.

Lolemba ndinabwerera pa benchi.
Pabolodi panali spir, kupuma,
ndi mzere wa ana ake pansi pake.
Ndinakopera onse mosadumpha,
pang'onopang'ono,
ndikumvetsera mpweya wanga
ukulowa,
ukutuluka.